Jezi ya timu ya kumudzi: malonda amene akudikira telala wa pakhonde

[NYIMBO YOTSEGULIRA PULOGALAMU, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO]

WOWULUTSA: Moni kwa inu a ku Namitete, a pa Mpingu, a ku Nsaru, a kwa Kabudula ndi a ku Nambuma. Moni wapadera kwa inu matelala amene wailesi mwaiika pakhonde pambali pa makina, phazi likuponda, khutu lili kuno, pakuti nkhani ya lero ndi yanu. Ndi yanunso inu achinyamata amene munaphunzira kusoka koma mpaka lero ntchito yanu ndi kuika zigamba ndi kufupikitsa mathalauza a pa kaunjika. Tikamba za zovala za masewero, monga majezi, makabudula ndi madiresi a ntchemberembaye, ndi mmene munthu angamangire dzina lake pa malonda amenewa.

Anthu akakolola, minda ikayera, mabwalo a mpira amadzaza. Pitani pa bwalo la sukulu iliyonse kuno kwathu Loweruka kapena Lamulungu masana mukaone timu ikulowa. Onse avala zofiira, inde, koma kufiira kwake n'kosiyanasiyana: uyu wavala jezi ya Arsenal yosuluka, uyo ya Bullets, winayo tisheti ya kampeni yotembenuza. Ovala nambala 10 alipo atatu. Goloboyi wabwereka juzi ya mkulu wake. Kuseri kwa makalasi atsikana akusewera ntchemberembaye atavala masiketi a yunifomu, ndipo zilembo zija za GS, GA ndi C azilemba pa katoni n'kuzikoleka m'khosi ndi chingwe. Oonerera ndi khwimbi. Ogulitsa mandasi ndi nzimbe apanga ndalama, a kabaza apanga ndalama. Telala yekha, amene makina ake ali poti munthu akhoza kufika wapansi mpira usanayambe, sanapezepo kanthu. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa luso lili m'manja mwake ndipo ofuna katundu ali pakhomo pake.

Ndikudziwa zimene ena mukuyankha pamene mwakhalapo: kaunjika anatimaliza kale. Pa jezi imodzi mukunena zoona, mtengo wa pa mulu simungaufike. Komatu belo la kaunjika silitulutsa majezi 18 ofanana, olembedwa nambala 1 mpaka 18, okwana ana a Sitandade 7. Silitulutsa madiresi 7 a mtundu umodzi okhala ndi mabibu ake. Ndipo kaunjikayo si wotchipa ngati kale. Mukukumbukira kuti mu February 2025 ogulitsa kaunjika a mu Lilongwe anayenda mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za kukwera mtengo kwa mabelo. Opikisana nawo enieni ndi maseti osokasoka ochokera kunja amene amagulitsidwa m'masitolo a m'tauni. Amenewo ndi owala, ndi okongola tsiku loyamba. Koma jezi imodzi ikasowa, sitolo sikugulitsani imodzi. Ikang'ambika, mwini sitolo sakuisokani. Ndipo saizi zake sizinayezedwe pa mwana wa ku Nambuma. Mpata wanu uli pamenepo.

Tsopano ndikusimbireni za mnyamata wina wa ku England, dzina lake Ben Francis. M'chaka cha 2012, ali ndi zaka 19, anali wophunzira pa Aston University mu mzinda wa Birmingham, ndipo madzulo ankagwira ganyu yoperekera chakudya cha pizza m'makomo mwa anthu. Iye ndi mnzake Lewis Morgan anayambitsa bizinesi yotchedwa Gymshark. Poyamba sankasoka n'komwe. Ankagulitsa pa intaneti zakudya zolimbitsa thupi za makampani ena, phindu lake lochepa. Koma Ben ankapita tsiku ndi tsiku kunyumba yonyamulira zitsulo, ndipo ankaona kuti zovala zimene zinalipo zinali zazikulu, zolendewera, zosokeredwa matupi a zimphona. Achinyamata owonda ngati iye analibe chowakwana. Agogo ake aakazi anamuphunzitsa kusoka. Anagula makina osokera ndi chipangizo chodindira zilembo pa nsalu, n'kuyamba ntchito mu galaja ya makolo ake, kusoka chovala chimodzichimodzi. M'chaka cha 2020 kampani ya ku America yotchedwa General Atlantic inagula gawo la 21 peresenti la Gymshark, pa mtengo woonetsa kuti bizinesi yonse inali yoposa mapaundi 1 biliyoni.

Sindikuti telala wa ku Nsaru adzafika pa biliyoni. Birmingham ili ndi magetsi osazima, positi yofika pakhomo ndi anthu a ndalama m'thumba. Chimene ndikufuna tigwire ndi chakuti mnyamatayu sanayambe ndi mafakitale. Anayamba ndi gulu limodzi la anthu limene ankalidziwa bwino chifukwa iye mwini anali mmodzi wa iwo. Kevin Plank, amene anayambitsa Under Armour ku America mu 1996, anayambanso choncho: ankasewera mpira wa ku America, anatopa ndi malaya a thonje amene ankanyowa ndi thukuta n'kulemera, ndipo anayamba kupanga malaya a nsalu youma msanga ali m'nyumba ya agogo ake ku Washington. Onse awiriwa vuto analimva pa khungu lawo.

Ndiye inu a telala, bambo kapena mayi, munaonapo pamene jezi imayambira kung'ambika? Imayambira kukhwapa, pamene mdani amakoka. Kabudula amaphulika pakati pa miyendo wosewera akatambasula mwendo. Lasitiki wa m'chiuno amafooka msanga ngati mulibe chingwe chomangira. Nambala zomata zimasupuka chifukwa kuno sitichapa ndi makina. Timachapa ndi sopo wa mtanda, kupikicha, kumenyetsa pa mwala, n'kuyanika pa dzuwa la mu October. Musanagulitse seti yoyamba, sokani jezi imodzi, mupatse mnyamata amene amasewera mwamphamvu, aivale mwezi wathunthu, aichape mmene amachapira, abwere nayo. Pamene yang'ambikapo ndi pamene mukonze.

Nsalu yotamuka ili ndi malamulo ake. Mukaisoka ndi msoko wowongoka, uja timasokera malaya a yunifomu, ulusi umaduka nsalu ikangokokedwa. Imafuna msoko wa zigizagi kapena makina a ovaloko, ulusi wa poliyesitala, ndi singano ya nsonga yobulungira imene imalowa pakati pa timaulusi ta nsalu osatidula. Makina ambiri opondaponda a Singer kapena Butterfly amene tili nawo m'makonde amasoka mowongoka basi. Choncho ndalama yoyamba imene bizinesi yapeza isapite ku foni yatsopano. Ipite ku makina oyenera, kapena gwirizanani ndi mnzanu amene ali nawo. Za nambala, ngati kwanu kulibe magetsi musataye mtima. Mukhoza kudula nambala pa nsalu ina n'kuzisokerera, ndipo zimenezo sizisupuka. Mukhozanso kudinda ndi felemu ya matabwa yokungidwa nsalu ya timabowo, utoto wa nsalu ndi chopalira cha labala. Felemuyo kalipentala aliyense akhoza kukukhomerani, ndipo ku Namitete, kumene kuli Namitete Technical College, akalipentala sasowa.

Ndiime pang'ono pa atsikana, chifukwa apa ndi pamene ndikuona msika waukulu umene sunakhudzidwe. Dziko lino limadziwika ndi ntchemberembaye. Mwawi Kumwenda wa ku Mzimba anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney mu 2015. Pa mpira wa miyendo, ma Scorchers anatenga chikho cha COSAFA mu 2023, ndipo Temwa Chawinga, mng'ono wake wa Tabitha, ochokera ku Rumphi, anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024 n'kukhala wosewera wopambana wa chaka. Atsikana athu amamva zimenezi pa wailesi ndipo amafuna kusewera. Chimene chimawabweza ambiri si ulesi ayi. Mtsikana akayamba kukula amachita manyazi kudumpha pamaso pa anthu wopanda chomugwira pachifuwa, ndipo mayi ake salola kuti avale kasiketi kofupika kuja kogula m'tauni. Telala amene akhala pansi ndi aphunzitsi a masewero ndi makolo, n'kusoka diresi lofika pamene makolo avomereza, lokhala ndi kabudula wosokerera mkati ndi kamisolo yogwira bwino, ameneyo wathetsa vuto limene fakitale ya kunja siilidziwa. Ntchito yoyeza atsikana ikhale ya mayi kapena mtsikana mnzawo. Ulemu umenewo makolo amauona ndipo amauuzana.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

WOWULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za bizinesi yosoka zovala za masewero kuno kumudzi. Tsopano tifike pa dzina.

Ndimaona matelala aluso akusoka kabudula wabwino, wolimba, kenako n'kusokererapo mizere itatu ya Adidas kapena kachizindikiro ka Nike. Amati anthu amakonda zimenezo. Koma taganizani: kabudulayo akakhala zaka ziwiri osang'ambika, ulemu wapita kwa Adidas, amene sanagwireko singano. Inu mwalima m'munda wa eni. Kuwonjezera apo, kugwiritsa ntchito chizindikiro cha kampani ina popanda chilolezo ndi mlandu. Sankhani dzina lanu, lalifupi, losavuta kutchula, mulisokerere pa kolala ya jezi iliyonse pamodzi ndi nambala ya foni mkati mwake. Kamzere ka chitenje pa kolala kapena pa mkono kakhoza kukhala chizindikiro chanu, choti munthu akachiona patali adziwe kuti jezi iyi yachokera kwa uje. Bizinesi ikayamba kuyenda, kalembetseni dzinalo ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi kuti wina asadzalitenge, komanso kuti sukulu ndi mabungwe, amene amafuna mapepala, athe kukugulani. Ku South Africa, Theo Baloyi anayambitsa nsapato za Bathu mu 2015 ku Alexandra, dera la anthu wamba mu Johannesburg, akugulitsira m'buti ya galimoto, ndi dzina lochokera m'chilankhulo cha kwawo. Anthu anazigula monyadira chifukwa zinali zawo.

Nanga dzinalo limveka bwanji? Ben Francis analibe ndalama zolengezera malonda. Anatumiza zovala zaulere kwa anyamata onyamula zitsulo amene ankatchuka pa YouTube, anthu amene iye mwini ankawaonera. Mu 2013 anatenga malo pa chionetsero cha BodyPower ku Birmingham, anabwera ndi anyamata aja, ndipo katundu yense anatha. Kuno kwathu otchuka tili nawo. Dera lililonse lili ndi womwetsa zigoli amene ana amamuyimbira m'manja akamadutsa pa msika, lili ndi timu imene anthu amaitsatira pa njinga mpaka mudzi wachitatu. Muvekeni womwetsa zigoliyo. Jambulani timu itavala seti yanu tsiku loyamba, chithunzi chipite pa WhatsApp. Koma chaulere chikhale chimodzi, chowerengeka, cholembedwa m'buku ngati ndalama yolengezera malonda. Mukayamba kupatsa aliyense wobwera ndi mawu okoma, malonda atha.

Pa ndalama ndi pamene mabizinesi ambiri a usoki amafera, ndipo ndilankhula mosabisa. Timu ibwera, kapitawo wake n'kunena kuti, "Tisokereni, tidzalipira tikawina bonanza." Bonanza amawina ndi timu imodzi, zotsalazo zimabwerera ndi majezi anu ndi ngongole yanu. Lamulo likhale lakuti theka la ndalama liperekedwe nsalu isanadulidwe, theka linalo pa tsiku lotenga katundu, ndipo zilembedwe, asayine awiri a komiti ya timu. Akatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, uthengawo usungidwe. Lamuloli likhudze aliyense, kaya ndi alamu anu, kaya ndi mwana wa a mfumu, kaya ndi wandale wobwera ndi galimoto nthawi ya kampeni kudzaitanitsa maseti khumi.

Kumbukiraninso kuti nsalu ya majezi sitipanga kuno. Thonje timalima ku Salima, ku Balaka ndi ku Chigwa cha Shire, ndipo fakitale ya Mapeto David Whitehead ku Blantyre imapanga nsalu za thonje ndi zitenje, koma poliyesitala wotamuka amachokera kunja, ndipo mtengo wake umayenda ndi dola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Telala amene anagula nsalu mu October chaka chimenecho n'kugulitsa majezi mu December powerengera mtengo wakale, anapita ku Area 2 mu Lilongwe ndi ndalama zosakwana kugula nsalu yofanana ndi imene anagwiritsa ntchito. M'buku munkaoneka phindu, koma mpamba unali utachepa. Poika mtengo, funsani kaye kuti nsaluyo ili pa bwanji lero. Muwerengerenso ulusi, lasitiki, utoto, thiransipoti yopita m'tauni ndi kubwerera, renti ya khonde, ndi malipiro anu inu eni, pakuti ambiri amaiwala kudzilipira kenako n'kumatapa mu mpamba pogula ndiwo.

Ndalama kuno zili ndi nyengo yake. Zimabwera fodya akayamba kugulitsidwa ku Kanengo cha mu April, soya ndi mtedza zikalowa pa msika, mpaka cha mu August. Sukulu zimatsegulira chaka mu September. Mu January ndi February anthu amaganiza za ufa ndi feteleza, za jezi ayi. Choncho nsalu gulani pamene ndalama zilipo, matimu muwayendere asanagulitse mbewu kuti akuikeni pa mapulani awo, ndipo miyezi ya njala ikhale yosoka zitsanzo, kukonza makina ndi kuphunzitsa ana a ntchito. Ngati mpamba wachepa, banki m'khonde ndi yabwino kuposa katapila, koma ngakhale kumeneko bwerekani pamene oda ili kale m'manja.

Tibwerere kwa Ben Francis, chifukwa pali zinthu ziwiri zimene anachita zokhudza utsogoleri. Mu November 2015, pa tsiku la malonda otsika mtengo lotchedwa Black Friday, tsamba la intaneti la Gymshark linagwa kwa maola pafupifupi 8, anthu ambirimbiri n'kulephera kugula. Vuto linali la makina a kampani ina, ndipo akanatha kuloza chala kumeneko. Iye anakhala pansi n'kulemba pamanja makalata opepesa pafupifupi 2,500 kwa makasitomala. Ife matelala tili ndi mbiri imene tonse tikuidziwa: "Mubwere mawa." Mawa likafika, "Mubwere madzulo." Pa diresi la ukwati zimapweteka, pa jezi zimaposa, chifukwa fainolo siisuntha tsiku podikira telala. Ngati mwaona kuti simumaliza, imbani foni Lachitatu, osadikira kuti adzakupezeni Loweruka m'mawa mutabisala kuseri kwa sitolo. Nenani zoona, bwerekani seti ina yoti avale tsikulo, chotsaniko pa mtengo. Ndipo musalandire maoda atatu pamene manja anu angathe imodzi.

Chachiwiri ndi chovuta kwambiri kwa ife. Kampani itakula, Ben Francis anaona kuti iye amadziwa zovala ndi makasitomala, koma kuyendetsa antchito ambiri ndi ndalama zambiri sankakudziwa. Anatula udindo wa mkulu wa kampani yake yomwe n'kuupereka kwa Steve Hewitt, munthu wamkulu kwa iye amene anagwirapo ntchito ku Reebok. Ben anatsikira ku madipatimenti, kuphunzira ntchito imodzi ndi imodzi, ndipo anabwerera pa mpandowo mu 2021. Mwini wake wa chinthu kuvomera kuti pano pandikulira, si zapafupi.

Pa khonde la ku Mpingu nkhaniyi imaoneka motere. Bambo ndi katswiri podula nsalu, koma buku la ndalama m'nyumbamo mulibe, zonse zili m'mutu ndi m'thumba la malaya. Pomwepo pali mayi a kunyumba amene amasunga buku la banki m'khonde la gulu lonse osalakwitsa ngakhale tambala, kapena mwana wa mlongo wawo amene analemba mayeso a Fomu 4 ndipo akungokhala. Mpatseni bukulo. Mukampatsa, mverani akakuuzani kuti ndalama iyi siyotenga. Winanso amene ali ndi pakamwa pabwino ayende m'masukulu ndi m'matimu ndi zitsanzo m'chikwama, inu mutsale pa makina pamene pali mphamvu yanu. Mutu umodzi susenza denga, akuluakulu anatero, ndipo oda ya majezi 18 yofunika Lachisanu imatsimikiza mawuwo.

Za ana a ntchito ndimamva dandaulo limodzi kulikonse: ndikamuphunzitsa zonse adzandithawa n'kukatsegula pake. Ndiye mphunzitsi amabisa kadulidwe, mwana amatha zaka akusita ndi kusokerera mabatani. Zotsatira zake, tsiku limene mwini wadwala kapena wapita ku maliro, ntchito yonse imaima. Ena adzachokadi, ndipo ndi ufulu wawo. Koma amene munamuphunzitsa bwino, n'kumamulipira pa tsiku limene munagwirizana, akakatsegula pake kwa Kabudula ndi yemweyo amene mudzamuimbire oda ikakukulirani, ndipo msoko wake udzafanana ndi wanu. Dulani mapatani a saizi iliyonse pa katoni yolimba, mulembepo miyezo, muwapachike pa khoma poti aliyense awafike, kuti jezi yosokedwa ndi mwana wa ntchito ikhale chimodzimodzi ndi yosokedwa ndi inu. Amene waphunzira mokwanira mulimbikitseni akayesedwe kudzera ku TEVETA apeze satifiketi. Pepala lake limakweza dzina la shopu yanu pamene mukupempha ntchito ku sukulu kapena ku bungwe. Ndipo akalakwitsa kudula, mudzudzuleni kumbali, osati pamaso pa kasitomala.

Nthawi yatithera, omvera athu. Sabata ya mawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzatenga pensulo ndi pepala n'kuwerengera limodzi mtengo wa seti imodzi ya ntchemberembaye, kuyambira pa mamita a nsalu mpaka pa malipiro a wosoka. Matelala, mudzakhale ndi mitengo ya nsalu ya sabata imeneyo pafupi. Tsalani bwino.

[NYIMBO YOTSEKERA PULOGALAMU]